Mbiri ya Mabuku a Sukulu

Mwana wa ku Jenala, m'cigwa ca Phalombe, potsegula buku lace lero, akumbukile kuti makolo ace anayamba sukulu opanda buku. Mphunzitsi analemba zilembo pa bolodi, ndipo ana anazitsanzira pa sileti, ena pa dothi ndi cala. Koma pofika madzulo mphepo inali itafafaniza phunziro lonse.

Mishoni ya Blantyre inakhazikika m'caka ca 1876, ndipo kumeneko anasindikiza timabuku tophunzirira kuwerenga m'cinenero cathu. Mu 1892 David Clement Scott anaturutsa buku lomasulira mau a Cimang'anja. Mu 1922 Buku Lopatulika linaturuka lathunthu, ndipo ambiri anazolowera kuwerenga m'menemo. Boma linayamba kuyang'anira maphunziro ndi ofesi yace mu 1926. Mu 1933 munaturuka Nthondo, buku la mphunzitsi Samuel Ntara, ndipo ana anawerenga za mudzi wonga wao.

Pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere mu 1994, ana anacuruka koposa mabuku, kotero kuti ambiri anaunjikana pa buku limodzi. Tsono inu amene muli nalo, likutireni bwino ndi kulisunga pouma; pakuti mng'ono wanu alikuliyembekeza.