Mpasa

Mpasa ndi nsomba yaikulu, yaitali thupi ndi yonyezimira, imene imakhala m'nyanja ya Malawi koma imakwera mitsinje nthawi yoswana ikakwana. Akatswiri a zamoyo amaitchula kuti Opsaridium microlepis. Sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'nyanjayi ndi m'mitsinje yothira mmenemo. Kwa anthu a kunyanja, mpasa ndi ndiwo yaulemu, yonona, yogulidwa pamtengo wokwera. Kwa owedza mwamasewera, ndi nsomba imene inatchukitsa mtsinje wa Bua mpaka kunja kwa dziko lino. Masiku ano yachepa kwambiri, moti bungwe la IUCN linaiika pamndandanda wa zamoyo zimene zili pachiopsezo chakutha. Zina mwa zifukwa zake zili kunyanja komweko, koma zina zili kutali, kumtunda kwa Lilongwe, Mchinji, Dowa ndi Kasungu, kumene anthu ambiri sanaionepo nsombayi ndi maso.

Maonekedwe ndi chibale chake

Mpasa ili ndi mamba aang'onoang'ono, kukamwa kwakukulu ndi mchira wamphanda wa nsomba yaliwiro. Yaikulu imatha kufika makilogalamu 4. Ikakhala yaing'ono imakhala ndi mizere yakuda yotsika m'nthiti, ndipo mizereyi imazilala nsombayo ikamakula. Pachibale ndi mkulu wake wa sanjika, imenenso imakwera mitsinje koma sikula kwambiri. Usipa nawo ndi wa banja lomweli, ngakhale kuti m'nyanja usipawo ndi chimodzi mwa zakudya za mpasa, chifukwa ikakula imasaka nsomba zing'onozing'ono pamadzi oyera. Ana ake m'mitsinje amadya tizilombo ta m'madzi.

Azungu oyamba kulemba za nsombayi anali a ulendo wa David Livingstone, amene anayenda m'mbali mwa nyanja mu 1861. Iwo anaona mpasa zikukwera mitsinje ndipo anazifanizira ndi salmon ya kwawo, ngakhale kuti nsomba ziwirizi si zapachibale. Anaonanso mmene eni dera ankatsekera mitsinje ndi mipanda n'kutchera miono m'mipata yake. Dokotala wa ulendowo, John Kirk, anatumiza nsomba zina ku London, ndipo Albert Günther anaifotokoza mwasayansi mu 1864. M'zaka za m'ma 1930, sitima ina yonyamula katundu panyanjayi inapatsidwa dzina loti Mpasa.

Ulendo wokwera mitsinje

Moyo wonse wa mpasa wagona pa ulendo umenewu. Mitsinje ikadzaza ndi mvula, nsomba zokhwima zimasonkhana pamene mtsinje umathira m'nyanja n'kuyamba kukwera molimbana ndi madzi. Sizikwera zonse tsiku limodzi. Zimapita m'magulu, ndipo kuswana kumapitirira mpaka m'miyezi yozizira, madzi atayera. Mitsinje yodziwika ndi ulendowu ndi Bua, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe, komanso Ruhuhu kutsidya la Tanzania.

Mpasa siikira mazira paliponse. Imafuna malo osaya, pamene madzi akuthamanga pamwamba pa nsangalabwi zoyera. Mazira amagwera m'mipata ya timiyalato, ndipo madzi odutsa m'mipatamo ndi amene amawabweretsera mpweya. Nsomba zambiri za m'nyanja ya Malawi, monga chambo, zimasunga mazira ndi ana m'kamwa mwa mayi. Mpasa sichita zimenezo. Ikaikira imachoka, mazira n'kutsala okha m'miyala. N'chifukwa chake matope ndi mdani wake wamkulu: akakuta nsangalabwi, mipata imatsekeka, mazira amasowa mpweya n'kuola. Ana amene aswa amakhala kaye mumtsinje, m'maiwe ndi m'mbali mwa mabango, kenako amatsikira kunyanja. Katswiri wa nsomba Denis Tweddle, amene anagwira ntchito m'Malawi zaka zambiri, analemba za kuswana kwa mpasa mu 1983.

Ulendo womwewu ndi umene umaiika m'manja mwa asodzi. M'nyanja mpasa imamwazikana ndipo sigwidwa mwaunyinji, koma pamathiriro a mtsinje zonse zimadutsa pakhomo limodzi lopapatiza. Mipanda ndi miono ya makolo inkagwira zambiri ndithu, koma madzi osefukira ankaigwetsa kapena kuidutsa pamwamba, nsomba zina n'kupulumuka. Matchera a nailoni otchinga mtsinje tsidya ndi tsidya sapereka mpata wotere. Amagwira nsomba zodzaza mazira zisanafike n'komwe poswanira. Kumtunda, madzi akaphwera, ena amathira katupe m'maiwe, ndipo amapha chilichonse, chachikulu ndi chaching'ono. Enanso amakokola ana a nsomba ndi maukonde otetezera udzudzu.

Kuwedza mwamasewera

Kuwedza mwamasewera ndi kugwira nsomba ndi ndodo, chingwe ndi mbedza, cholinga chili pa luso ndi kulimbana ndi nsombayo osati pa ndiwo kapena malonda. Padziko lonse, malamulo a masewerawa ndi kaundula wa nsomba zazikulu zogwidwa amasungidwa ndi bungwe la International Game Fish Association, limene linakhazikitsidwa mu 1939.

Nsomba imene owedza otere amailakalaka kuposa zonse ndi marlin, ya m'nyanja zamchere, imene mlomo wake wam'mwamba ndi wautali ndi wosongoka. Malo otchuka ndi marlin apafupi ndi Malawi ndi zilumba za Bazaruto, kufupi ndi Vilankulo m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, kumene zikuluzikulu zimafika kuyambira cha mu Seputembala mpaka Disembala. Kumeneko, komanso ku Sodwana Bay ku South Africa, anthu amalowa m'nyanja ndi maboti aang'ono a injini ziwiri. Boti limayenda pang'onopang'ono likukoka nyambo kumbuyo, kaya nsomba yamoyo kapena nyambo yapulasitiki. Marlin ikameza, imathawa ndi chingwe mamita mazanamazana, imadumpha thupi lonse pamwamba pa madzi, ndipo kulimbanako kumatha kutenga maola angapo. Woyendetsa boti amayenera kuitsatira mwanzeru kuti chingwe chisathe kapena kuduka. Marlin yaikulu ya mtundu wakuda imene ili m'kaundula inalemera makilogalamu 707, ndipo anaigwira Alfred Glassell ku Cabo Blanco, m'dziko la Peru, mu 1953. Masiku ano ambiri akaifikitsa pambali pa boti amaiika chizindikiro n'kuimasula.

Malawi alibe nyanja yamchere, choncho marlin kuno kulibe. Ngakhale tigerfish, nsomba ya mano akuthwa imene anthu amapitira ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete ndi ku Kariba, m'nyanja ya Malawi mulibe. Imathera kumunsi kwa Shire, chifukwa mathithi a pakati pa mtsinjewo amaitchinga. Amene amawedza pa boti laling'ono m'nyanja yathu amakoka nyambo pofuna ncheni, kapena amaponya mbedza pansi pofuna kampango. Ayenera kusamala ndi mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawinduka m'miyezi yozizira n'kuutsa mafunde otha kugubuduza boti. Koma nsomba imene imafanana ndi marlin pa mtima wolimba, ngakhale ili yaing'ono kutalitali, ndi mpasa ya mumtsinje.

Powedza mpasa mu Bua, munthu amaima pamwala kapena pagombe, n'kuponya kachitsulo konyezimira kokhala ndi mbedza kumunsi kwa mathithi, pamene madzi othamanga akulowa m'dziwe. Akamakulunga chingwe, kachitsuloko kamazungulira ndi kung'anima, mpasa n'kuyesa kansomba kothawa. Imagunda mwamphamvu, ndodo n'kupindika, ndipo imathamangira kumene madzi akukoka kwambiri kuti aithandize. Chingwe chikakhudza mwala wakuthwa, basi yapita. Wowedza amakhalanso tcheru ndi ng'ona, zimene zilimo zambiri mu Bua.

Malo odziwika ndi masewerawa ali m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, imene Bua amaidutsa asanakathire m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Kuyambira mu 2015 nkhalangoyi ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mu 2016 ndi 2017 kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mitengo ya m'nkhalangomo imagwira nthaka, ndipo alonda amaletsa matchera ndi katupe. Ichi n'chifukwa chachikulu chimene Bua akadali ndi mpasa pamene mitsinje ina yaing'ono inataya kale.

Kumene madzi a Bua amachokera

Nkhalango ya Nkhotakota imateteza chigawo chakumunsi chokha. Bua amayambira kumapiri a ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia, ndipo amayenda mtunda wautali pachidikha cha alimi asanatsetserekere kunyanja. Umodzi mwa mitsinje imene imamudyetsa ndi Namitete, wochokera mbali ya Dzalanyama, umene aliyense woyenda pa msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji amauwoloka. Mvula yogwa m'minda yambiri ya kumadzulo kwa boma la Lilongwe, kuzungulira Namitete, Nsaru ndi Kabudula, imatsikira m'madambo ndi m'timitsinje topita ku Bua. Yogwa chakum'mawa, kufupi ndi mzinda, imalowa mu Lingadzi ndi mu Lilongwe, ndipo Lilongwe amakathira mu Linthipe. Choncho boma limodzi lomweli limatunga madzi a mitsinje iwiri ikuluikulu ya mpasa m'chigawo chapakati.

Kuderali nsomba zodziwika ndi matemba, milamba ndi makumba, zimene anyamata amawedza ndi kansungwi, kachingwe ndi nyongolotsi, komanso usipa ndi utaka wouma wa pamsika. Mpasa yaiwisi sifika kawirikawiri. Komabe zochitika m'minda ya kuno zimakaonekera pa nsangalabwi za ku Nkhotakota.

Dera limeneli ndi la fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Zigafa zimafuna mitengo chaka ndi chaka, mauvuni a njerwa amafuna nkhuni, ndipo makala a ku Dzalanyama amatsikira mumzinda panjinga usiku ndi usana. Nthaka yopanda mitengo simwa madzi. Aliyense amene anaimapo pamlatho mvula yoyamba itagwa amadziwa mtundu wa madziwo: ofiira, olemera, onyamula mapesi ndi dothi lapamwamba la m'munda. Mlimi amataya chonde chimene anagulira feteleza, ndipo dothi lomwelo ndi limene limakakwirira mazira kumunsi.

Madambo nawo asintha. Dambo lili ngati nkhokwe ya madzi: limasunga a m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo udzu wake umasefa matope. Lero madambo ambiri ndi madimba a tomato, kabichi, mpiru, nzimbe ndi chimanga chachiwisi, olimidwa mpaka pamlomo penipeni pa mtsinje. Palibe angadzudzule banja lolima dimba, pakuti ndi limene limagula sopo, mchere ndi makope a ana m'miyezi imene munda uli mbuu. Koma dambo likang'ambidwa ndi ngalande, madzi amathamanga onse nthawi imodzi, ndipo pofika Ogasiti kapena Seputembala mtsinje umakhala utaphwa. Imeneyo ndi nthawi imene ana a mpasa amafuna madzi oyenda.

Njira zochepetsera vutoli si zachilendo kwa alimi a ku Nsaru kapena ku Nambuma, chifukwa alangizi akhala akuziphunzitsa kwa zaka zambiri: kulima mizere motsata akalozera, kuika ngonyeka, kubzala vetiva m'malo otsetsereka, kuphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowatentha, kutseka zigwembe zisanakule, ndi kusiya mpata wa udzu, mabango ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje. Mlimi amachita izi pofuna kusunga nthaka ndi chinyontho chake, ndipo zimenezo n'zokwanira. Phindu la nsomba limabwera lokha pambuyo.

Malamulo ndi chenjezo la ntchila

Mu 1997 m'Malawi munakhazikitsidwa lamulo losamalira nsomba. Lamuloli linaletsa kupha nsomba ndi mankhwala kapena zophulika, ndipo linatsegula njira yoti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali kudzera m'makomiti a m'madoko, mothandizana ndi mafumu. Pamene mfumu ndi komiti agwirizana zosiya mpata pamathiriro a mtsinje m'nyengo yokwera nsomba, mpasa zimadutsa. Pamene sagwirizana, alangizi a zansomba ochepa amene alipo sangalondere mtsinje usiku wonse.

Zimene zingachitike zinaoneka kale pa ntchila. Nsomba imeneyi nayo inkakwera mitsinje kukaswana, ndipo m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja ya Malawi. Patangopita zaka zowerengeka inagwa, chifukwa cha matchera otchinga njira zake ndi kuwonongeka kwa mitsinje, moti achinyamata ambiri a kunyanja lero amangoimva dzina. Mpasa ikukumana ndi zinthu ziwiri zomwezo. Kuimasula ikagwidwa, monga amachitira owedza ena amasewera, kumathandiza pang'ono, koma owedza oterewa ndi ochepa ndipo si iwo akuitha. Ntchito yaikulu ili pamathiriro a Bua ndi Linthipe, pamene matchera amatchingira, ndi m'madambo a kumtunda. Malo awiriwa ali pansi pa maofesi osiyana, a zansomba kunyanja ndi a zaulimi kumtunda, ndipo ali m'maboma osiyana, pamene mtsinje wake ndi umodzi.