Wailesi ya Lusaka (Central African Broadcasting Station)

Central African Broadcasting Station inali nyumba youlutsira mawu ya boma la atsamunda ku Lusaka, imene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha inkamveka ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inkalankhula ndi anthu akuda m'zinenero zawo: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele, kuphatikizapo Chingerezi.

Chiyambi

Kuulutsa mawu ku Lusaka kunayamba mu 1941. Cholinga chinali kuuza mabanja mmene nkhondo inkayendera kumene ana awo anapita kukakhala asilikali. Nkhondo itatha, mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani, Harry Franklin, anafuna kuti wailesiyo ipitirire, koma vuto linali omvera. Mawailesi a nthawi imeneyo anali odula ndipo ambiri ankafuna magetsi, choncho anthu wamba ankangomvera pa boma, kumishoni kapena m'maholo a m'makomboni a migodi.

Wailesi ya sefuliya

Mu 1949 kampani ya mabatire ya Ever Ready ya ku Britain inatulutsa kawailesi kotchedwa Saucepan Special. Thupi lake linali sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wabuluu. Mabowo ake anatchingidwa ndi sefa kuti tizilombo tisalowemo. Wailesiyi inkagulidwa mapaundi 5, batire padera, ndipo batire lakelo linali lalikulu moti wailesi inkakhala pamwamba pake. Mtengowu unali wokwera ndithu, koma mphunzitsi, kalaliki, mwini sitolo kapena wobwera kumigodi ankaukwanitsa.

Tsiku la omvera

Wailesiyi sinkalankhula usana ndi usiku. Maola ake anali ochepa, ndipo zinenero zinkasinthana, choncho womvera ankadziwiratu nthawi ya chinenero chake. Mwini wailesi ankasunganso batire ngati mchere. Nthawi ikakwana ankaitulutsa pakhonde, n'kumangirira waya kumtengo kuti mawu amveke bwino, anansi n'kusonkhana. Wailesi imodzi inkamvedwa ndi khamu.

Pankakhala nkhani za m'dziko ndi zakunja, malangizo a ulimi ndi ukhondo, nthano ndiponso masewero. Boma linkaika mtima pa malangizowo, koma chimene chinkasonkhanitsa anthu chinali nyimbo. Pulogalamu yotchuka inali Zimene Mwatifunsa: omvera ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Pa nthawi imene amuna ambiri a ku Nyasaland anali kumigodi ya Copperbelt, ku Salisbury ndi ku Joni, dzina lowerengedwa pawailesi linkauza a kumudzi kuti mwana wawo ali moyo.

Nyimbo zinali zosakaniza. Antchito a wailesi ankayenda m'midzi ndi galimoto yojambulira mawu, kutola nyimbo za ng'oma, kalimba ndi gitala. Ankaikanso mbale za galamafoni za ku South Africa ndi Congo, ndi za oimba a ku America monga Jimmie Rodgers. Woimba wodziwika kwambiri pawailesiyi anali Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama mu 1922, yemwe analinso muulutsi. Ankaimba m'Chibemba ndi m'Chinyanja, kuseka ndi kudzudzula makhalidwe a m'tauni.

Kutha kwake

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, omvera ambiri anayamba kuona wailesiyi ngati pakamwa pa boma limene sankalifuna. Mphekesera zinafala zoti aulutsi ena anali banyama, ndiye kuti anamapopa, ndipo ena a iwo ankaopsezedwa. Mu 1958 wailesiyi inalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation. Peter Fraenkel, mmodzi wa antchito a wailesi ya Lusaka, analemba za moyo wa pawailesiyi m'buku lotchedwa Wayaleshi la mu 1959. Chitaganya chitatha, dziko lililonse linatenga wailesi yakeyake, ndipo ku Malawi ntchitoyi inapita kwa Malawi Broadcasting Corporation mu 1964.