Miyala Yakuda ya Chalichi ca ku Dresden

Mumzinda wa Dresden, m'dziko la Germany, muli chalichi ca mpingo wa Lutheran cochedwa Frauenkirche. Mlendo akapenya zipupa zace amaona miyala yakuda bii yosanganizika ndi yoyera, ndipo angayese kuti amisiri analakwitsa. Iai, anacita dala, ndipo cifukwa cace cili m'mbiri ya nyumbayi.

Eni mzinda anayamba kumanga chalichici m'caka ca 1726, motsogoleredwa ndi mmisiri George Bähr, nacitsiriza mu 1743. Denga lace linali lamiyala yokha-yokha, loumbika ngati belu. Katswiri wa nyimbo, Johann Sebastian Bach, analizamo limba mu 1736.

Pa 13 ndi 14 February 1945, nkhondo yaciwiri ili pafupi kutha, ndeke za Britain ndi America zinaponya mabomba pamzindawo, ndipo anthu pafupi-fupi 25,000 anafa. Chalichico cinapirira mabomba, koma moto unalowa m'kati nufooketsa nsanamira zamiyala. M'mawa wa pa 15 February denga lija linagwa.

Mulu wa miyalawo unakhala pakati pa mzinda zaka zoposa 45, pakuti boma la East Germany linausiya kuti ukhale cikumbutso ca nkhondo. Mu 1982 anyamata ndi atsikana anasonkhana pabwinjapo nayatsa makandulo popempha mtendere.

Mu 1990 nzika zina, zotsogoleredwa ndi woliza lipenga Ludwig Güttler, zinapempha anthu a maiko onse kuti athandize kumanganso. Apa panabuka mtsutso. Ena anati bwinja liphunzitsa kuipa kwa nkhondo koposa nyumba yokongola. Ena anati mzinda suyenera kulira maliro mpaka muyaya. Njira imene amisiri anatsata inasunga zonse ziwiri. Mu 1993 anafukula muluwo, nalemba nambala pamiyala imene anapulumutsa, ndipo zikwi za miyalayo anazibwezera m'zipupa, yakuda ndi moto ndi ukalamba monga anaipeza.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndalama zoposa theka zinacokera m'zopereka za anthu, ena mwa iwo adani akale. Mtanda wagolide wa pamwamba unaperekedwa ndi anthu a ku Britain, ndipo anausula ndi Alan Smith wa ku London, amene atate ace anali m'gulu la ndeke zimene zinaocha Dresden. Mtanda wakale, wopindika ndi moto, anauimika m'kati.

Chalichico cinapatulidwa pa 30 October 2005. Kuyambira pamenepo sicikhala cotseka kudikira Sabata: mumacitika mapemphero, maimbidwe a akatswiri, ndi misonkhano yokamba za mtendere, ndipo aliyense aloledwa kulowa, wokhulupirira ndi wosakhulupirira yemwe.

Koma mwala wa mtundu umene anamangira umada pang'ono-pang'ono ndi mvula ndi mphepo. Idzafika nthawi imene miyala yatsopano idzafanana ndi yakale, ndipo cipsera sicidzaonekanso. Pamenepo udindo wokumbutsa ana za 1945 udzatsalira anthu olowa m'nyumbayo.