Mapuloteni a Kunja kwa Selo ndi Kulowerera kwa Glioblastoma mu Ubongo

Glioblastoma ndi khansa yoopsa kuposa zonse zoyambira mu ubongo wa munthu wamkulu. Kawirikawiri siifika ku mapapo kapena ku chiwindi monga zimachitira khansa zina. Kuopsa kwake kuli poti maselo ake amachoka pa chotupa limodzilimodzi n'kulowerera pakati pa maselo abwinobwino, ngati kapinga amene ukamuzula amasiya timizu pansi. Mu 1928, dokotala Walter Dandy wa ku Baltimore analemba za odwala amene anawachotsa theka la ubongo, komabe khansayo inabwerera mwa ena amene anapulumuka opaleshoniyo. Mu 1938, Hans-Joachim Scherer anaonetsa kuti maselowa ali ndi njira zawo: amatsatira mitsempha ya magazi, amadutsa m'timinyewa toyera tolumikiza zigawo za ubongo, ndipo amaunjikana mozungulira maselo a ubongowo.

Chimene chimatsogolera maselo a khansawa ndi mapuloteni okhala pa kakhungu kokuta selo, amene asayansi amawatcha ma receptor. Puloteni yotere imakhala ndi mbali ina kunja, ina mkati. Kanthu kena kakamatirira kunjako, mbali ya mkati imatumiza uthenga woti selo ligawike, lisunthe kapena ligwire pamene lili.

Yodziwika kwambiri ndi EGFR. Pafupifupi 40 pa 100 alionse a odwala glioblastoma amakhala ndi jini ya EGFR yochulukitsidwa mopyola muyeso. Mwa ena muli mtundu wolumala wotchedwa EGFRvIII, umene unataya chidutswa cha kunja cha ma amino acid 267. Apa m'pamene nkhani imawawa: puloteni yodukayi simayembekezeranso uthenga uliwonse, imangokhala yoyaka usana ndi usiku, n'kumalamula selo kukula ndi kuyenda.

Kuti selo liyende pamafunikanso pogwira. Ntchito imeneyi ndi ya ma integrin, amene amakangamira pa mapuloteni a m'mbali mwa mitsempha ya magazi. Selo limatambasula mutu wake kutsogolo, kugwira, kenako kukoka thupi lonse. Puloteni ina, CD44, imamatirira ku hyaluronic acid, chinthu chonanda chodzaza m'mipata ya ubongo. Njira ikathina, selo limatulutsa ma enzyme monga MMP-2 ndi MMP-9 amene amasungunula chotchinga. CXCR4 nayo imanunkhiza kanthu kotchedwa CXCL12 n'kulondolera selo kumene kachuluka.

Madokotala anayesa kutseka mapuloteniwa, ndipo zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Mankhwala a cilengitide, otseka ma integrin, sanatalikitse moyo wa odwala pa kafukufuku wamkulu wa CENTRIC wofalitsidwa mu 2014. Katemera wa rindopepimut, wolimbana ndi EGFRvIII, anasiyidwa mu 2016 ataoneka kuti sakuthandiza. Bevacizumab, amene amaletsa chotupa kumera mitsempha yatsopano, amachepetsa kutupa, koma kafukufuku wa mu 2012 anaonetsa kuti amatha kumasula puloteni ina yotchedwa MET, maselo n'kuyamba kulowerera kwambiri.

Chifukwa chachikulu cha kulephera kumeneku n'chakuti maselo a chotupa chimodzi safanana. Ena amadalira EGFR, oyandikana nawo amadalira PDGFRA kapena MET, ndiye ukatseka imodzi, otsalawo amapitiriza. Komanso maselo amene apita kutali amabisala kumene mpanda woteteza ubongo ku zinthu za m'magazi udakali wolimba, moti mankhwala ambiri sawafikira. N'chifukwa chake kufufuza njira zotseka mapuloteni angapo nthawi imodzi kuyenera kupatsidwa ndalama ndi nthawi.

Pakali pano chithandizo chimene chimagwiritsidwa ntchito chidakali chimene Roger Stupp ndi anzake anafalitsa mu 2005: opaleshoni, cheza cha radiation ndi mankhwala a temozolomide. Pa kafukufukuyo, theka la odwala amene analandira zonsezi anakhala ndi moyo kupitirira miyezi 14.6, poyerekeza ndi miyezi 12.1 kwa amene analandira cheza chokha.