Magomero ndi Thangata

Ndikafuna kumvetsa mbiri ya boma la Chiradzulu, ndimayambira pa Magomero. Mu 1861 Bishopu Mackenzie adakhazikitsa mishoni pamenepo pamodzi ndi akapolo oomboledwa, koma nkhondo, njala ndi matenda zidaisamutsa chaka chotsatira. Pambuyo pake malowo adagwa m'manja mwa banja la A. L. Bruce, mkamwini wa David Livingstone, nasanduka esiteti ya thonje. Alomwe othaŵa ku Mozambique adaŵalandira, koma malo okhala adaŵalipira ndi thangata. Liwu limene kale lidatanthauza kuthandizana kumunda tsono lidasanduka goli.

Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe adapha woyang'anira esitetiyo, W. J. Livingstone. Ine ndiona kuti mkwiyowo Chilembwe sadaubzale. Adaupeza utamera kale m'minda ya thonje.