Wopambana Amene Anaweramitsa Mutu

Korea ndi dziko la kum'mawa kwa Asia, loyandikana ndi China ndi Japan. M'chaka cha 1910 Ajapani analanda dzikolo, ndipo kuyambira pamenepo Mkorea sanaloledwe kuonekera pamaso pa mitundu ina ndi mbendera ya kwawo.

Tsono m'chaka cha 1936 kunachitika masewera aakulu a Olimpiki mumzinda wa Berlin ku Germany, kumene anyamata ndi atsikana a maiko ambiri anasonkhana kudzayesana mphamvu. Mwa masewera onsewo wowawitsa ndiwo mpikisano wa liwiro wa mamailosi 26, umene amautcha marathoni. Ajapani anatumizako mnyamata wa ku Korea dzina lake Sohn Kee-chung, koma anamulemba ndi dzina la Chijapani lakuti Son Kitei, namuveka malaya okhala ndi mbendera yawo pachifuwa.

Pa 9 August Sohn anathamanga maora 2 ndi mphindi 29, nafika woyamba. Wachiwiri anali Mngelezi Ernest Harper, ndipo wachitatu anali Mkorea mnzake, Nam Sung-yong. Pamene anakweza mbendera ya Japan ndi kuimba nyimbo ya fuko la Japan, Akorea awiriwo anangoweramitsa mitu. Sohn anali atalandira kamtengo kanthete ka mphatso, ndipo anakafungatira pachifuwa kuti mbendera ija isaoneke. Munthu akapambana amasekerera, koma uyu nkhope yake inali ngati ya wamasiye pamaliro.

Kwawo nyuzipepala ya Dong-a Ilbo inasindikiza chithunzi chake itafafaniza mbenderayo. Boma la Ajapani linapsa mtima, linamanga ena mwa antchito ake, ndi kuitseka nyuzipepalayo miyezi 9. Mlandu wonsewo unali wa kadontho kamodzi pachithunzi!

Ulamuliro wa Japan unatha m'chaka cha 1945, ngakhale kuti dzikolo linagawika pawiri. Pa Olimpiki ya ku London mu 1948, Sohn ndiye anatsogolera anzake atanyamula mbendera ya Korea. Masewera atafika ku Seoul mu 1988, iye, nkhalamba ya zaka 76, analowa m'bwalo ndi muuni wa Olimpiki akudumphadumpha ngati mwana. Ndipo ku Barcelona mu 1992, pa tsiku lomwe lija la 9 August, anaona ndi maso ake Mkorea Hwang Young-cho akupambana marathoni, Mjapani akubwera pambuyo pake.

Sohn anamwalira m'chaka cha 2002. M'mabuku a Olimpiki mendulo yake ya golide amaiwerengerabe ku Japan.