Kuyeza chimwemwe cha anthu: Russia, Malawi ndi Zimbabwe

Lipoti la World Happiness Report, lomwe linayamba kutuluka mu 2012, limaika maiko pamndandanda potengera mmene nzika zimaonera moyo wawo. Limadalira kafukufuku wa bungwe la Gallup, lomwe limafunsa anthu pafupifupi 1,000 m'dziko lililonse pachaka. Wofunsidwa amapemphedwa kuganizira makwerero oyambira pa 0, moyo woipitsitsa, kufika pa 10, moyo wabwino koposa, ndi kunena pamene iye ali.

Mu lipoti la 2023, mwa maiko 137, Finland inali pa nambala 1, Russia pa 70, Malawi pa 131, ndipo Zimbabwe pa 134. Koma funso likasintha, yankho limasinthanso. Bungwe la boma la Russia la VTsIOM likafunsa mwachindunji ngati munthu ali wachimwemwe, anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse amavomera.

Chiwerengero cha dziko lonse chimabisanso magulu ang'onoang'ono. Ku Arcturus, dera la mafamu ndi mgodi wa golide kum'mawa kwa Harare, kuli mabanja omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Boma litayamba kulanda mafamu mu 2000, antchito ambiri a m'mafamu a ku Mashonaland anataya ntchito ndi pokhala. Lamulo la 2001 linasiya ambiri opanda unzika, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi omwe anawatsegulira njira youpezanso. Mwa anthu 1,000 ofunsidwa, mabanja oterewa amakhala ochepa kwambiri moti mawu awo saoneka paokha.